Chimbale chomaliza cha Daft Punk: ndimvere olemba za nyimbo kapena ovina?

Funso la lero lachokera kwa mnyamata wina wa ku Lizulu, zaka 21, amene amapanga ma beat pa laputopu. Walemba kuti: "Akulu, ndinamva kuti chimbale cha Daft Punk cha Random Access Memories chinawina ma Grammy ndipo olemba za nyimbo anachitama kwambiri, nde ndinagula bando nkuchimvera chonse. Koma kunena zoona kupatula Get Lucky zinazo zinandigonetsa tulo. Pa intaneti ena akuti ndi chimbale chapamwamba, ena akuti anyamatawo anathera pa Discovery. Ndimvere ndani? Kapena makutu angawa ndi amene ali ndi vuto?"

Mphwanga, makutu akowo ali bwinobwino, usawakayikire. Zomwe wamvazo ndi zomwenso anthu ambirimbiri anamva sabata imene chimbalechi chinatuluka mu Meyi 2013, ndipo ineyo ndinali mmodzi wa iwo, ndinachimvera koyamba ndili mu shopu yanga pano pa Dedza boma ndikukonza mawaya a sipika ndipo nditafika pa nyimbo yachinayi ndinaima kaye nkuyang'ana pa kompyuta kuti kodi zomwe ndatsegulazi ndi za anthu omwe aja eti. Koma funso lako lakuti umvere ndani silingayankhidwe ndi mawu amodzi, nde dekha ndikufotokozere bwino chifukwa nkhaniyi ndakhala nayo kumtima zaka zambiri.

Ine ndinayamba kunyamula ma sipika mu 2001, m'maukwati, m'zinkhoswe, ma disiko a ana a sukulu akatseka, kuyambira ku Linthipe, Bembeke mpaka kutsikira ku Ntcheu, ndipo One More Time ndinaimva koyamba pa CD yomwe achimwene anga anabwera nayo kuchokera ku Joni. Nthawi imeneyo sitinkadziwa nkomwe kuti oimbawo ndi anyamata awiri a ku Paris, Thomas Bangalter ndi Guy-Manuel de Homem-Christo, omwe anayamba gululi mu 1993 ndipo kenako anadzayamba kuvala zipewa za maroboti kuti nkhope zawo zisamaoneke. Ife tinkangodziwa kuti ukaika nyimbo imeneyo, pamalo paja pomwe ng'oma imasiya nkutsala mawu okhaokha, holo yonse imakweza manja kudikira kuti ng'oma ibwerere, ndipo ikabwerera fumbi lake umachita kuphimba mikisa ndi chitenje.

Tsono chinthu choyamba chomwe anthu omwe amati "anathera pa Discovery" sakuuza ndi chakuti Discovery yomweyo, chimbale chawo chachiwiri chomwe chili ndi One More Time ija, itatuluka mu 2001 inakumananso ndi mawu omwewo. Anthu amene anawakonda pa chimbale choyamba, Homework cha 1997, chija chili ndi Da Funk ndi Around the World, anali anthu a m'makalabu a usiku okonda house yokhakhala, yaphokoso, ng'oma ndi bezi basi, ndipo ena mwa iwo atamva mawu otsekemera ndi magitala a Discovery anati anyamatawa agulitsa mzimu, ayamba kuimbira ana. Ngakhale olemba ena sanachikonde, Pitchfork, tsamba la ku America lomwe limapereka mamalikisi ku zimbale, inachipatsa 6.4 pa 10. Sunga nambala imeneyi, tibwereranso.

Kenako mu 2005 anatulutsa Human After All, chomwe anachijambula pa masabata pafupifupi 6 okha, ndipo apa nde olemba ambiri ndi otsatira ambiri anagwirizana kuti chimbalechi ndi chouma, chobwerezabwereza, ngati munthu wangosiya makina akulira iye nkupita kukadya. Ine ndemwe Robot Rock ndinkaiona ngati nyimbo yosamaliza. Koma mu 2006 anakaimba pa chikondwerero cha nyimbo cha Coachella ku California atakhala mkati mwa piramidi ya magetsi, nkuyamba kusakaniza nyimbo za zimbale zonse zitatu, mawu a iyi pamwamba pa ng'oma ya iyo, ndipo nyimbo zomwe zija anthu ankazinyoza zinamveka ngati zatsopano. Zinatuluka pa chimbale cha Alive 2007 chomwe anachijambula akuimba ku Paris, chinawinanso Grammy, ndipo kuyambira pamenepo anthu ambiri anasintha maganizo pa Human After All. Nyimbo zake sizinasinthe olo pang'ono, chomwe chinasintha ndi malo omwe anthu anazimverako.

Nde taganiza mmene zinthu zinalili pofika 2013. Papita zaka 8 opanda chimbale chawochawo, kupatula nyimbo za filimu ya Tron: Legacy mu 2010. Pa zaka zimenezo nyimbo za makina zinali zitalanda dziko, David Guetta, Avicii, Skrillex, Swedish House Mafia, Calvin Harris, paliponse ng'oma yothamanga cha m'ma 128 pa mphindi, kukwera kukwera kenako kugwetsa, ndipo ambiri mwa anyamata amenewa anakula akumvera Daft Punk. Kanye West anali atatenga kale nyimbo yawo ya Harder, Better, Faster, Stronger nkupangira Stronger mu 2007. Aliyense ankayembekezera kuti eni ake a munda akubwera kudzaonetsa ana mmene amalimira. Kutsatsa kwake nakonso kunakweza mitima ya anthu kwambiri, tizidutswa ta masekondi 15 pa TV ku America, zikwangwani m'misewu, ndipo mwambo wokhazikitsa chimbalecho anaulengeza kuti ukachitikira ku Wee Waa, katauni kakang'ono ka alimi a thonje ku Australia, pa chionetsero cha zaulimi, ngati kuti munthu wasiya Lilongwe ndi Blantyre nkukakhazikitsira chimbale pa Tsangano tsiku la msika. Akuluakulu amati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo chiyembekezo chikafika pamenepo palibe chimbale chomwe chingakhutitse aliyense.

Zomwe anabweretsa zinali zosemphana ndi zonsezo. Anasiya ma sample pafupifupi onse, pomwe ndi pamene panali mphamvu yawo kale, kutenga kachidutswa ka nyimbo yakale nkukazunguliza mpaka kasanduke chinthu china. M'malo mwake analowa m'masitudiyo akuluakulu a ku Los Angeles, New York ndi Paris nkuitana anthu enieni amene ankaimba nyimbo za mtundu umene iwo ankadula kale. Gitala ya Get Lucky ndi ya Nile Rodgers wa gulu la Chic, bambo yemwe anakonza zimbale za Diana Ross, David Bowie ndi Madonna. Bezi ndi ya Nathan East, ng'oma Omar Hakim, ndipo nyimbo zina ng'oma anaimba John Robinson yemwe anaimbanso pa Off the Wall cha Michael Jackson mu 1979. Anaitana Giorgio Moroder, mkulu wobadwa mu 1940 amene anakonza I Feel Love ya Donna Summer mu 1977, osati kuti adzaimbe koma kuti adzakhale pansi nkufotokoza mbiri ya moyo wake pa maikolofoni, iwo nkumanga nyimbo ya mphindi 9 mozungulira mawu akewo. Ankajambula pa tepi ngati kale komanso pa kompyuta nthawi imodzi kuti azisankha pomwe pakumveka bwino. Pa nyimbo 13 zonse, Doin' It Right yokha ndi imene ili ya makina okhaokha.

Olemba za nyimbo zimenezi anazikonda, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Munthu amene ntchito yake ndi kumvera zimbale tsiku ndi tsiku, zambiri zofanana, akakumana ndi chinthu chomwe chapangidwa mosamala chonchi, chili ndi mbiri kumbuyo kwake yoti angalembe masamba atatu, amasangalala. Pitchfork ija inapereka 8.8. Chimbalecho chinalowera pa nambala 1 ku America, sabata yoyamba yokha chinagulitsa 339,000, koyamba m'mbiri yawo kufika pamenepo, ndipo Get Lucky inakhala pa nambala 1 ku Britain ndi m'maiko ena ambiri. Mu Januwale 2014 anatenga ma Grammy 5, kuphatikizapo chimbale cha chaka, ndipo usiku umenewo anaimba limodzi ndi Stevie Wonder. Imodzi mwa mphoto zimenezo inali ya kajambulidwe ka mawu, imeneyo iweyo monga wopanga ma beat uziikumbukira kuposa zinazo.

Koma otsatira akale aja, amene anadikira zaka 8 kuti avine, anatsegula chimbale nkupeza nyimbo yachiwiri, The Game of Love, ndi loboti ikulira za chibwenzi chomwe chatha, yachitatu ndi agogo akukamba nkhani, yachinayi ndi piyano yachisoni, ndipo Get Lucky yomwe inawakoka ili pa nambala 8, uyenera kudutsa mphindi zoposa 40 kuti uifike. Nde kukhumudwa kwawo sikunali kwa umbuli ayi. Anabwera ndi njala ya nsima nkupatsidwa tiyi wabwino kwambiri m'kapu yokongola, tiyiyo palibe cholakwika koma njala ija ikadalipo.

Ndikuuze zomwe ndinaona ndi maso anga. Chaka chomwecho cha 2013 mu Ogasiti ndinali ndi ukwati ku Ntcheu, holo yodzaza, nthawi ya perekani-perekani a MC anaitana anzake a mkwati a kuntchito ndipo ine ndinaika Get Lucky. Mphwanga, azimayi achikulire omwe sankadziwa olo liwu limodzi la nyimboyo anaimirira okha, nthungululu, ndalama zikugwera mu beseni, makashiya osapuma kusintha, chifukwa gitala ya Nile Rodgers ija imadumphadumpha ngati gitala za kwathu kuno ndipo liwiro lake, cha m'ma 116, ndi loti munthu wovala chitenje amaponda bwino osathamanga. Ukaonetsetsa liwiro limenelo silili kutali ndi la amapiano omwe mukuvina masiku ano. A MC anandikodola kuti ndiibwereze ndipo ndinaibwereza. Mtima wanga utakwera, gulu lotsatira ndinaliikira Lose Yourself to Dance ya pa chimbale chomwecho, woimba yemweyo Pharrell Williams, gitala ya munthu yemweyo, koma liwiro lake ndi 100 ndipo ng'oma yake ndi yolemera, imayenda ngati ngolo yodzaza kachewere pa chitunda. Anthu anafika kutsogolo, anaponya ndalama zawo mwaulemu nkubwerera kukakhala, palibe anavina, ndipo mayi wina wa kuchikazi anabwera pa tebulo langa nkundiuza motsitsa mawu kuti achimwene tiikireni ya Lucius. Ndinaika, holo inadzukanso. Zinandiwawa chifukwa nyimboyo ndimaikonda, koma mayi aja sanalakwe, ntchito yanga tsiku limenelo inali yoti akwati apeze ndalama ndipo abale asangalale.

Chimbalechi ndinadzachimva zenizeni chaka chotsatira mu Juni, nthawi ija kuno ku Dedza chifunga chimatsika m'phiri nkukuta tauni yonse, kuzizira koti madzi osamba umachita kuwaopa. Kunalibe ntchito, magetsi atazima, ndinakhala pafupi ndi mbaula nditavala mahedifoni abwino omwe ndimagwiritsa ntchito pa mikisa, nkuchimvera kuyambira poyamba mpaka pomaliza osadumpha. Pa Giorgio by Moroder mkulu uja akamaliza kulankhula makina amayamba okha, kenako zingwe za okestra zimalowa, kenako chakumapeto ng'oma za munthu zimayamba kulimbana ndi makina aja, ndipo umamva ndodo ikugunda chikopa, umamva chipinda chomwe munthuyo wakhalamo. Pa Touch, yomwe anaimba Paul Williams, naye wobadwa mu 1940, mawu ake ndi a munthu wokalamba, amanjenjemera, sanawabise kapena kuwawongola, ndipo pakati pa nyimboyo kwaya imalowa nkukwera nkukwera kenako zonse zimadulidwa mwadzidzidzi nkutsala mkulu uja yekha. Ine pamenepo ndinagwetsa misozi, sindikubisa. Ndinakumbuka malemu bambo anga akuimba mu kwaya mawu atayamba kutha koma osafuna kusiya. Nyimbo imeneyo pa sipika ya foni, uli pa msika wa Lizulu ma minibasi akuimba mahutala, singakuuze kanthu, ingokhala ngati zaphokoso za mu filimu.

Tsono tibwerere ku nambala ija. Mu Febuluwale 2021 anyamatawa analengeza kuti gulu latha, ndipo kanema wotsanzikira anaikamo kwaya ya Touch yomweyo. Chaka chomwecho Pitchfork inatulutsa nkhani yobwereranso ku zimbale zina zomwe inaona kuti inazipatsa mamalikisi olakwika. Discovery anaikweza kuchoka pa 6.4 kufika pa 10. Random Access Memories anaitsitsa kuchoka pa 8.8 kufika pa 6.8. Tsamba limodzi lomwelo, zimbale zomwezo, palibe nyimbo yomwe inawonjezedwa kapena kuchotsedwa. Nde ukamafunsa kuti ndimvere olemba kapena otsatira, dziwa kuti olembawo paokha anasintha maganizo kawiri pa gulu limodzi, ndipo otsatira nawonso anasintha pa Discovery ndi pa Human After All. Sindikunena kuti olemba ndi achabe, ayi, ine ndaphunzira zambiri kwa iwo, popanda iwo sindikanadziwa kuti ndifufuze Chic kapena Moroder. Koma wolemba amapatsidwa masiku ochepa kuti aweruze chinthu chomwe chinatenga zaka kupanga, ndipo amalemba ali mkati mwa phokoso la kutsatsa lomwe lija. Wotsatira naye ali ndi vuto lake, lomwe ndi lalikulu kuposa, iye akamati tikufuna Discovery ina nthawi zambiri chomwe akufuna ndi zaka zake zija anali nazo pomwe ankavina Discovery, anzake aja, chibwenzi chija, mawondo osawawa, ndipo zimenezo palibe woimba angamubwezere.

Izi sizachilendo kwa ife. Tamvera mmene anthu amakambira za Ma Blacks pa bawo kapena mu minibasi, Kuimba iliyonse yatsopano ikatuluka pamapezeka wina wonena kuti zenizeni zinapita ndi Matafale, pomwe pa shoo anthu omwewo akuimba nawo nyimbo zatsopanozo mawu ndi mawu. Malemu Lucius Banda naye zaka zonse ankamva zoti zimbale zoyambirira ndiye zinali zimbale. Woimba akakhalitsa amapikisana ndi unyamata wa anthu ake, ndipo akabwereza zakale amati watha nzeru, akasintha amati watitaya. Daft Punk anasankha kusintha ali ndi zaka pafupifupi 40, ndipo ine pa chimenecho ndimawalemekeza, chifukwa kupanga chimbale cha 128 chogwetsagwetsa mu 2013 kukanawapatsa ndalama mosavuta.

Maganizo anga enieni ndi awa, ndipo ndaima nawo patatha zaka zoposa 10 ndikuchimvera. Discovery ndi chimbale chachikulu kuposa, chifukwa chinatsegula njira yomwe anthu ambiri anadutsamo pambuyo pake, ndipo mpaka lero ndikaika One More Time pa disiko ana obadwa 2005 amavina. Random Access Memories chimayang'ana kumbuyo, ndi chimbale chothokoza makolo, ndipo chili ndi malo ofooka omwe olemba a 2013 anawadumpha, mphindi 74 ndi zambiri, The Game of Love ndi Within kuziika pafupi chonchija koyambirira kunapha moto, Beyond ndi Motherboard zimakoka. Koma 6.8 ija nayonso ndi kulanga mopitirira, ngati munthu amene wachita manyazi kuti anatama kwambiri poyamba nde akubweza ndi mkwiyo. Chimbale chomwe chili ndi Giorgio by Moroder, Touch, Instant Crush, Get Lucky ndi Contact sichingakhale chapakatikati. Instant Crush, ija anaimba Julian Casablancas, poyamba anthu sankaitchula kwambiri koma pano ndi imodzi mwa nyimbo zawo zomwe achinyamata amazimvera kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa nkomwe za mkangano wa 2013.

Chinthu china chomwe chinapweteka chimbalechi nchakuti sanayende nacho. Human After All inapulumutsidwa ndi piramidi ija, anthu anamva nyimbozo pa ma sipika akuluakulu zitasakanizidwa. Random Access Memories sichinapeze mwayi umenewo, panalibe ulendo wa ma shoo, anangooneka apa ndi apo, kenako anapanga Starboy ndi I Feel It Coming ndi The Weeknd mu 2016, kenako basi. Ine ndimakhulupirira kuti akanatenga Contact, nyimbo yomaliza ija yomwe imayamba ndi mawu a woyenda mumlengalenga wa Apollo 17 nkumakwera mpaka sipika kumveka ngati ikupsa, nkuiimba pamaso pa anthu masauzande, ambiri mwa odandaula aja akanatseka pakamwa. Koma izi ndi zongoganiza zanga.

Nde iweyo chita izi. Usachimverenso pa sipika ya foni kapena pa tima earphone ta pa msika tomwe bezi yake imangoti phwaphwa. Bwereka mahedifoni abwino, sankha usiku womwe ulibe chochita, ndipo usayambire poyamba, yambira pa Giorgio by Moroder, kenako Touch, kenako Contact, zinazo udzazipeza wekha nthawi ina. Ukamamvera Get Lucky siya kaye mawu a Pharrell, tsatira bezi yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, uone mmene Nathan East amasinthira tizinthu ting'onoting'ono pomwe nyimboyo ikuzungulira pa makodi anayi omwewo, kenako ubwereze utsatire hi-hat yokha, timbale tachitsulo ta pa ng'oma tija. Ukatero tsegula beat yako pa laputopu uone kusiyana kwake ndi loop yomwe wangoikopa ka 64 osasintha kanthu. Ndipo kumeneko ku Lizulu, ku tchalitchi kwanu kapena kwa oyandikana nawo, ndikudziwa kuti kuli mkulu wina amene amaimba gitala kapena bezi mu kwaya kwa zaka 30 ndipo palibe anamujambulapo. Pita ukamupemphe mwaulemu, umugulire zingwe zatsopano ngati zake zatha, umuike pa beat yako olo ndi maikolofoni imodzi m'chipinda chomwe mwatchinga mabulangete. Ukamaliza unditumizire ndidzaimvere, ndipo ikakhala bwino ndidzaiyesa pa ukwati wina mu Okutobala tione ngati azimayi adzaimirire.